Musanagule njinga, dziwani kuti felemu yake ndi yachiyani

Munthu akamagula njinga, maso amathamangira ku penti, ku matayala, ku chishalo ndi ku kuchuluka kwa magiya. Komatu zonsezi n'zosinthika. Tayala likatha mumagula lina, sipoko ikaduka amakaniko a pansi pa mtengo amaikapo ina, chishalo chikang'ambika mumachikutira. Chimene simungasinthe popanda kugula njinga ina ndi felemu. Kale za felemu panalibe chofunsa kwathu kuno, chifukwa njinga iliyonse inali yachitsulo, kaya Humber, Raleigh, Phoenix kapena Eagle ija inkapangidwa ku Chipata. Lero m'misika mwadzaza njinga zakaunjika zochokera ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, zina za aluminiyamu, zina za kaboni (tiulusi tomatidwa ndi guluu), ndipo anthu akutulutsa ndalama zambiri pogula felemu imene khalidwe lake sakulidziwa.

Wogulitsa adzati muinyamule mumve kupepuka kwake. Kupepuka n'kwabwino ndithu. Koma pa misewu yathu, ndi pa ntchito imene njinga imagwira pakhomo, pali mafunso awiri oposa sikelo: felemu imeneyi ikatopa imawonongeka motani, nanga ikawonongeka angaikonze ndani, ali kuti? Kuti mayankho ake amveke, tiyambe ndi zimene zimachitikira paipi ya njinga munthu akamapalasa.

Kulemera, kuuma ndi kulimba

Tikamati "njinga yolimba" timaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali kulemera. Pali kuuma, kutanthauza mmene paipi imakanira kuwerama mukaipanikiza: youma imawerama pang'ono chabe, yofewa imawerama kwambiri, koma zonse zimabwerera m'malo mukazisiya. Ndiye pali kulimba kwenikweniko, komwe ndi kuchuluka kwa katundu amene paipi ingasenze isanapindikiretu kapena kuthyoka. Chinthu chikhoza kukhala chouma koma chosachedwa kuthyoka, china n'kukhala chofewa koma chosathyoka wamba.

Chibuma cha chitsulo chachikulu lita imodzi chimalemera makilogalamu 7.8. Cha titaniyamu, mtundu wina wa chitsulo wodula kwambiri, chimalemera 4.5, cha aluminiyamu 2.7. Apa aluminiyamu akuoneka kuti wapambana, poti chitsulo chikumuposa kulemera pafupifupi katatu. Koma pa kuuma zinthu zimatembenuka: chitsulo n'chouma katatu kuposa aluminiyamu, ndi pafupifupi kawiri kuposa titaniyamu. Mukayerekeza kilogalamu ndi kilogalamu inzake, zitatu zonsezi kuuma kwake n'kofanana.

Nanga n'chifukwa chiyani njinga ya aluminiyamu imapepukadi? Nkhani ili pa kunenepa kwa paipi. Mukakulitsa paipi kawiri m'mimba mwake, khoma lake n'kulisiya lochindikala monga linalili, kulemera kumawonjezeka kawiri kokha, koma kuuma kumawonjezeka pafupifupi ka 8. Choncho amene akufuna felemu youma koma yopepuka amapanga mapaipi onenepa. Chitsulo chili ndi malire pa zimenezi. Poti n'cholemera, paipi yake ikanenepa khoma liyenera kupyapyala kwambiri kuti isalemere, ndipo khoma likapyapyala kuposa gawo limodzi mwa magawo 50 a kunenepa kwa paipiyo, kungoigunditsa pa ngodya ya khonde imaphwafuka. Aluminiyamu, poti ndi wopepuka, amalola paipi yonenepa ya khoma lochindikala bwino. N'chifukwa chake paipi yam'munsi ya njinga yachitsulo yakale imakhala mamilimita 28.6 m'mimba mwake, pamene ya aluminiyamu imafika 45 kapena 50.

Mbiri yake ikutsimikiza zimenezi. Njinga za aluminiyamu za m'ma 1970, monga za Alan ku Italy ndi Vitus ku France, zinatengera kukula kwa mapaipi achitsulo, ndipo zinatchuka ndi kufewa: munthu wamphamvu akaponda pedulo, felemu inkagwedera. Kenaka Gary Klein ku America, ndi kampani ya Cannondale yomwe inatulutsa njinga yake yoyamba mu 1983, anafalitsa mapaipi onenepa. Zitatero madandaulo anatembenuka, anthu n'kumati aluminiyamu ndi wouma mopweteka. Aluminiyamu yemweyo, mbiri ziwiri zotsutsana. Ndiye wina akakuuzani kuti njinga yakuti ndi yofewa kapena youma chifukwa cha dzina la chitsulo chake basi, dziwani kuti wakuuzani theka la nkhani. Theka linalo ndi mmene mmisiri anaumbira mapaipi.

Chitsulo nachonso si chimodzi. Mitundu yonse ya chitsulo chenichenichi, yotchipa ndi yodula yomwe, ndi youma mofanana. Imasiyana pa kulimba. Njinga zakuda zochokera ku India ndi ku China, za Hero, Avon, Phoenix ndi zinzake, zimapangidwa ndi chitsulo wamba, chomwe pa njinga zina amachilemba kuti Hi-Ten. Poti si cholimba kwambiri, opanga amachindikalitsa khoma kupitirira milimita imodzi, ndipo felemu yokha imatha kuposa makilogalamu atatu. Chapamwamba ndi chromoly, cholembedwa Cr-Mo kapena 4130, chomwe amasakaniza ndi chromium pafupifupi gawo limodzi pa 100 ndi molybdenum pang'ono. Kulimba kwakeko kumalola khoma lopyapyala. Mu 1897 kampani ya Reynolds ya ku Birmingham inapeza njira yopangira paipi yochindikala kunsonga, komwe amalumikiza, koma yopyapyala pakati, komwe ntchito ndi yochepa: mwachitsanzo 0.9 ya milimita kunsonga ndi 0.6 pakati. Mu 1935 inatulutsa mapaipi otchedwa Reynolds 531, omwe kwa zaka zambiri ndiwo ankapangira njinga zampikisano. Columbus ya ku Milan ndi Tange ya ku Japan ndi anzawo pa luso lomweli. Felemu yotere imalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Mukapeza njinga yakaunjika yooneka yachikale, ya mapaipi owonda, ili ndi kachikwangwani ka limodzi la mayina amenewa ndipo ilibe dzimbiri, musaiderere chifukwa choti yoyandikana nayo ikunyezimira. Kawirikawiri yowondayo ndiye yabwino.

Felemu imatopa

Ana akamapanga galimoto zamawaya ndipo alibe pulayala, amadziwa kudula waya: amaupinda uku, kuubweza uku, mpaka uduke. Kupinda kumodzi sikudula. Chimadula ndi kubwerezabwereza. Felemu ya njinga nayo imaweramitsidwa pang'ono pang'ono nthawi iliyonse mukaponda pedulo kapena kugwera m'dzenje, kokwana mamiliyoni pa moyo wake. Pamalo pomwe pali kachilema, makamaka m'mbali mwa powotcherera, pamayamba kamng'alu kosaoneka ndi maso, n'kumakula mpaka tsiku lina paipi ilekane. Kumeneku ndiye kutopa kwa chitsulo, ndipo mafelemu ambiri omwe sanachite ngozi amafa imfa imeneyi.

Apa ndi pomwe chitsulo ndi aluminiyamu zimasiyana kwenikweni. Chitsulo chili ndi muyeso wake woti katundu akakhala wochepera pamenepo, mungachipanikize kangati konse, sichitopa. Muyesowo umakhala kufupi ndi theka la mphamvu imene ingachidule nthawi imodzi. Aluminiyamu alibe muyeso wotere. Kupanikiza kulikonse, ngakhale kochepa, kumadya kachigawo ka moyo wake. Izi sizikutanthauza kuti njinga ya aluminiyamu ithyoka mawa. Opanga amadziwa khalidwe limeneli, amachindikalitsa pofunika, ndipo mafelemu a makampani odziwika amayesedwa pa makina omwe amaponda mapedulo kokwana 100,000 ndi mphamvu yoposa ya munthu wamba. Felemu ya aluminiyamu yopangidwa bwino, yogwira ntchito imene anaipangira, imakhala zaka zambirimbiri. Vuto limabwera mukaisenzetsa zimene sanaipangire, chifukwa katundu akawonjezeka pang'ono, moyo wake umafupika kwambiri. Ndiponso ya kaunjika simudziwa kuti mwini wake woyamba anadyako moyo wochuluka bwanji.

Chitsulo nacho tisachitamande mopitirira. Dzimbiri likachidya, kapena wowotcherera akachipsereza, muyeso uja umatha ntchito ndipo chimang'aluka ngati china chilichonse. Koma chili ndi ubwino umodzi womwe ine ndimauona kuti ndi waukulu kwambiri kwa munthu wonyamula mwana pakaliyala: chimachenjeza. Mng'alu pachitsulo umakula pang'onopang'ono, njinga imayamba kulira, kuyenda mokhota, penti n'kusweka, kamzere ka dzimbiri n'kuonekera. Pa aluminiyamu mng'alu umathamanga, ndipo nthawi ya pakati pa kuoneka kwake ndi kuthyoka imakhala yochepa.

Tsopano yang'aluka. Mupita nayo kuti?

Ngati ndi yachitsulo chochindikala chija, simupita patali. Pa malo a malonda alionse pomwe pafika magetsi pali wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo njinga za kabaza zomwe mumaziona ku Salima, ku Balaka kapena ku Nsanje zambiri zinadutsapo m'manja mwake kangapo. Makaliyala otalika okhala ndi khushoni, zitsulo zowonjezera zochirikiza foloko, zopondapo wokwera, zonsezi zimatheka chifukwa felemu ndi yachitsulo wamba, choti chimalola moto ndi hamala. Foloko ikapindika pang'ono imawongoleka. Ndi chifukwa chomwechi njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, anaipanga yachitsulo mwadala. Imalemera makilogalamu oposa 20, kaliyala wake anamupangira katundu wa makilogalamu 100, ndipo anthu amene anaikonza anali ndi mwayi wosankha chitsulo chilichonse chimene akanafuna.

Chromoly chopyapyala chimafuna dzanja lina. Makina amagetsi a ndodo aja, pa khoma la 0.6 ya milimita, amangobowola. Chofunika ndi mmisiri wa gasi amene amalumikiza ndi mkuwa. Mkuwa umasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, pomwe chitsulo chimafuna oposa 1,400, choncho paipi siipsa. Mkuwa umangoyenderera polumikiza n'kugwira. Njinga zakale zija zokhala ndi timakhosi tachitsulo polumikiza mapaipi zinapangidwa motero. Amisiri otere alipo m'matauni, ndipo ndi bwino kuwafunafuna m'malo mopereka felemu yabwino kwa wa mageti.

Aluminiyamu ndiye amagwiritsa munthu fuwa la moto. Iye mwini amasungunuka pa madigiri 660, koma pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka komwe kamafuna oposa 2,000. Kuti muwotcherere bwino pamafunika makina apadera otchedwa TIG ndi mpweya wa argon, zomwe simungazipeze kumudzi. Ngakhale mutamupeza mmisiri wa TIG mumzinda, nkhani sinathe. Aluminiyamu wa njinga zambiri, wolembedwa 6061, mphamvu zake amazipeza pophikidwa: felemu yonse ikawotchereredwa ku fakitale amailowetsa mu uvuni wa madigiri oposa 500, kuiziziritsa mwadzidzidzi m'madzi, kenaka kuitenthetsanso pa madigiri pafupifupi 175 kwa maola angapo. Moto wa wowotcherera umafafaniza ntchito imeneyi pamalo pomwe wadutsa, ndipo mphamvu za pamalopo zimatsika mwina mpaka theka. Powotchererapo pamaoneka bwino, koma mng'alu umadzatulukira pambali pake. Wolembedwa 7005 amabwezako mphamvu payekha pakapita masabata, komabe safanana ndi wa ku fakitale. Ndipo aluminiyamu akapindika sawongoleka, mukamubweza amang'aluka. N'chifukwa chake pa njinga zotere kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya kumbuyo amakapanga kochotseka ndi kofewa, kuti njinga ikagwa kathyoke ndiko, felemu ipulumuke. Kachitsulo kameneka kali ndi maonekedwe ambirimbiri, kampani iliyonse ndi kake, ndipo kukapeza kwathu kuno ndi ntchito. Amene mukugula njinga ya aluminiyamu kunja, gulirani pomwepo tiwiri tapadera.

Sindikunyoza aluminiyamu. Sachita dzimbiri lofiira lija, amapepuka, ndipo pa ndalama zomwezo amakupatsani njinga yopepuka kuposa yachitsulo. Kwa wopita kuntchito m'tauni, kwa wokweza njinga pa masitepe tsiku lililonse, kwa mnyamata wofuna kuyamba mipikisano, ndi wabwino zedi. Achibale athu okhala ku Durban kapena ku Cape Town, komwe mphepo ya m'nyanja imakhala ndi mchere, ndi a ku Britain komwe amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, ali ndi chifukwa chomveka chomukondera, ngakhale kuti mchere naye umamudya mukapanda kutsuka. Chimene ndikukana ndi kutenga mountain bike ya aluminiyamu, kumangirira kaliyala wolemera, n'kuiyesa ya kabaza kapena ya makala. Makaliyala ambiri omangira pa njinga zotere amalembedwa makilogalamu 25, theka la thumba la chimanga. Timabowo ta mabawuti ake sanatipangire munthu wamkulu.

Za kaboni

Kaboni si chitsulo konse. Ndi tiulusi topyapyala kwambiri kuposa tsitsi, topangidwa powotcha ulusi wina wa pulasitiki pa madigiri oposa 1,000, kenaka n'kutimata ndi guluu wa epoxy. Kampani ya Toray ya ku Japan ndiyo imadziwika kwambiri popanga ulusiwu, ndipo mafelemu ambiri amaumbidwa ku Taiwan ndi ku China. Antchito amadula tizidutswa tansalu yake mazanamazana, n'kumatiyala ndi manja m'chikombole, kachidutswa kalikonse koloza mbali yake, kenaka n'kuphika. Ulusi ndi wamphamvu kwambiri mukaukoka motsata utali wake, koma wofooka mukaufinya cham'mbali. Mmisiri ndiye amasankha komwe mphamvu zipite, ndipo akhoza kupanga felemu yosagwedera mukaponda pedulo koma yoweramako pang'ono mukagunda dzenje. Chitsulo sichingatero, chifukwa mphamvu zake n'zofanana mbali zonse. Felemu ya kaboni yampikisano imatha kulemera osafika kilogalamu imodzi.

Pa mipikisano nkhani inatha kalekale. Greg LeMond anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1986 atakwera ya mapaipi a kaboni. Miguel Induráin mu 1994 ndiye womaliza kupambana pa yachitsulo, Marco Pantani mu 1998 womaliza pa ya aluminiyamu. Njinga zinapepuka mpaka bungwe loyendetsa masewerowa, la UCI, linaika lamulo mu 2000 kuti njinga yampikisano isachepere makilogalamu 6.8.

Kaboni satopa msanga, sachita dzimbiri, ndipo pa ntchito imene anamupangira ndi wolimba modabwitsa. Mdani wake ndi kugundidwa ndi kufinyidwa. Mwala ukamenya paipi, kapena njinga ikagwera pa ngodya, timagawo ta m'kati timatha kulekana kunja kusakuoneka kanthu, penti ali gwa. Akatswiri amafufuza zotere ndi makina oona m'kati. Bawuti ya chishalo kapena ya handulo imafuna kumangidwa ndi mphamvu yoyezedwa, ndipo nambala yake, kawirikawiri 5 Nm, imalembedwa pambali pa bawutiyo. Makaniko amene anazolowera kumanga mpaka sipanala ilire akhoza kuphwanya felemu ya ndalama zankhaninkhani osadziwa. Taganiziraninso mmene njinga imayendera ulendo wautali kwathu: pamwamba pa basi, yomangidwa ndi chingwe cha mphira, pamwamba pake matumba a mbatata. Yachitsulo imatsika ndi zokala. Ya kaboni ikhoza kutsika yooneka bwinobwino koma itafa m'kati, n'kudzathyokera pa chitsikiro, ndipo kaboni akamathyoka sapindika kaye.

Kukonzeka amakonzeka, mwinanso bwino kuposa aluminiyamu: amapala powonongekapo, n'kuyalapo nsalu zatsopano. Koma amisiri odalirika a ntchito imeneyi kufupi kwathu ali ku South Africa. Choncho langizo langa pa kaboni wa kaunjika amene mbiri yake simukuidziwa ndi lachidule: musiyeni. Chimodzimodzi mafelemu a pa intaneti olembedwa mayina a makampani otchuka koma a mtengo wotsika mosamveka, chifukwa achinyengo alipo, ndipo zimene zili pansi pa penti palibe angazione. Dziwaninso kuti njinga zambiri zothamanga za aluminiyamu zimakhala ndi foloko ya kaboni. Foloko ikathyoka munthu amagwa chamutu, ndiye imeneyo muiyang'ane kawiri.

Titaniyamu sindichulukitsa, chifukwa mwina simudzakumana naye pamsika. Sachita dzimbiri ngakhale opanda penti, amapirira kutopa, amapepuka kuposa chitsulo. Koma kumuyenga kumadya ndalama, ndipo pomuwotcherera pamafunika argon kunja ndi m'kati mwa paipi, chifukwa akatentha amamwa mpweya n'kusanduka wosweka. Chochititsa chidwi n'choti mchenga umene titaniyamu amachokera tili nawo. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza mchenga wa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse komwe kukudziwika pa dziko lapansi. Wambiri mwa mchenga wotere umathera ku penti yoyera, wochepa ndiwo umasanduka chitsulo cha ndege ndi njinga, ndipo kuyengako kumachitikira kutali.

Nsungwi nazo zimapanga felemu, ndipo si zachilendo: ku England anayamba kuzipanga mu 1894. Patapita zaka zambiri, Zambikes ku Lusaka ndi magulu angapo ku Ghana anadziwika nazo, ena ataphunzitsidwa ndi mmisiri wa ku America, Craig Calfee. Amasankha nsungwi zokhwima, kuziumitsa, kuziteteza kuti zisafumbwe, n'kumanga molumikiza ndi ulusi wa zomera monga khonje woviikidwa mu epoxy. Zimayenda mofewa. Koma ntchito yamanja ndi yambiri, guluu ndi zitsulo za m'malo olumikiza zimachokera kunja, ndipo mapeto ake zambiri zimagulidwa ndi anthu akunja, osati mlimi.

Kilogalamu imodzi imapindulitsa chiyani?

Tiwerengetse. Bambo wolemera makilogalamu 65, njinga ya 22, matumba awiri a chimanga a 50 lililonse: zonse pamodzi 187. Mutachotsa kilogalamu imodzi pa felemu mwachotsa theka la gawo limodzi pa 100. Sangamve n'komwe. Tsopano wothamanga wa makilogalamu 70 pa njinga ya 9. Kilogalamu imodzi kwa iye ndi kupitirira pang'ono gawo limodzi pa 100, ndipo pa chitunda chokwera ola lathunthu, monga cha Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, imampulumutsa nthawi yosafika mphindi imodzi. Pa mpikisano mphindi imodzi ndi yaikulu. Popita kuntchito si kanthu. Pamalo athyathyathya phindu lake limacheperanso, chifukwa pamenepo chimene mukulimbana nacho ndi mphepo.

Nkhani ya kufewa pokwera nayo imakokomezedwa. Felemu ya njinga ndi zigawo ziwiri za makona atatu zolumikizana, ndipo kuchokera pamwamba kupita pansi siiwerama kwenikweni, ikhale yachitsulo kapena ya aluminiyamu. Chimene chimamwa mabampu ndi tayala. Tayala lonenepa lopopedwa mpweya wapakati limawerama kuposa felemu kutali, ndipo pambuyo pake pamabwera chishalo ndi paipi yake. Amene msana ukuwawa pa msewu wafumbi ayambe wayang'ana matayala ndi msinkhu wa njinga. Felemu ya kaboni yaikulu kapena yaing'ono pa msinkhu wanu imapweteka kuposa yachitsulo chotchipa yokukwanani.

Mukafika pamsika

Tengani maginito, ngakhale aja a mu sipika yakufa. Akagwira, felemu ndi yachitsulo. Akakana, yang'anani polumikiza: ngati pali mizere yonenepa ya zowotcherera ndi aluminiyamu, ngati mapaipi akungoyenderera kulowa mu anzawo mosalala ndipo mukagogoda ndi chala sakulira ngati chitsulo, ndi kaboni. Mawu oti Alloy pa njinga amatanthauza aluminiyamu. Werengani bwino kachikwangwani ka Cr-Mo, chifukwa njinga zina zotchipa zimakhala ndi paipi imodzi yokha ya chromoly, zotsalazo n'kukhala wamba.

Kenaka pukutani fumbi muyang'ane pomwe ming'alu imakonda. Yambani kukhosi, kunsi kwa paipi yam'munsi pomwe yalumikizana ndi paipi ya handulo. Yendetsani chala pamenepo: mukamva kakhwinya kapena penti wosweka mozungulira, njingayo inagunda chinthu chakutsogolo, ndipo foloko yake mwina inabwerera m'mbuyo. Onaninso pozungulira mapedulo, pomangira chishalo, ndi kunsonga komwe kumalowa tayala lakumbuyo. Pachitsulo mng'alu umadziulula ndi kamzere ka dzimbiri, pa aluminiyamu ndi kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi. Penti watsopano pamalo amodzi okha, kapena sitika yomatidwa pamalo achilendo, muzifunse chifukwa chake. Kuti mudziwe ngati felemu ndi yowongoka, mangani ulusi kunsonga ina ya kumbuyo, muuzungulize kukhosi, mubwere nawo kunsonga inayo, ndipo muyeze mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Uyenera kufanana.

Masulani bawuti ya chishalo muone ngati paipi yake ikutuluka. Paipi ya aluminiyamu ikakhala zaka mu felemu yachitsulo popanda girisi, ziwirizi zimadyana n'kumamatirana, mwakuti nthawi zina kuzilekanitsa n'kuwononga felemu. Ikatuluka, walitsani tochi m'kati. Felemu yachitsulo imawola kuchokera m'kati, chifukwa madzi amvula amalowera pachishalo n'kukadikha pansi pomwe pamazungulira mapedulo. Dzimbiri lapamwamba lofiirira si loopsa, koma mukaigwedeza n'kumva zinyenyeswa zikuyenda m'mapaipi, imeneyo yadyeka. Mukagula yanu, makamaka ngati mumakhala konyowa monga ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje, muzichotsa chishalo mvula ikaivumba, kuizondotsa kuti madzi atuluke, ndipo kamodzi pa chaka muzithiramo oyilo pang'ono. Pobwezera paipi ya chishalo muipake girisi, ndipo musaikweze kupitirira kamzere kolembedwa pa paipiyo. Ikatsala yaifupi m'kati imakanula felemu pamwamba, ndipo pa aluminiyamu mng'alu wa pamenepo ulibe mankhwala.